Ana azituluka kapena azikhala nafe mpaka pa mdalitso?

Mayi a Tadala: Moni nonse abale ndi alongo. Kwathu kwabuka nkhani ndipo ikupita ku sesoni, bwalo la akulu a mpingo, mwezi wamawa. Abusa akufuna kuti Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse ana asamatuluke kupita ku Sande sukulu, tizipemphera tonse pamodzi kuyambira wakhanda mpaka agogo. Akutinso tsiku limenelo mapemphero a Chingerezi a m'mawa ndi a Chichewa aja aziphatikizidwa, ndipo banja lizikhala pa benchi imodzi. Ena akondwa, ena akuti ndi njira yophera Sande sukulu mwakachetechete. Ine ndili mu komiti ya ana ndiye afuna ndikayankhulepo. Kwanuko mumatani?

aPhiri a ku Dedza: Mayi, funso langa loyamba ndi la njerwa, za uzimu zibwera. Tchalitchi chanucho chimalowa anthu angati? Mipingo yambiri ya m'tauni inayamba mapemphero awiri chifukwa anthu sankakwana. Mukawaphatikiza, n'kuwonjezapo ana onse a Sande sukulu, theka la mpingo lidzamvera ulaliki lili pansi pa mtengo wa mango.

Mayi a Tadala: Zoona bambo, pa mgonero timadzadza mpaka pakhonde. Abusa akuti tizibwereka tenti.

Nabanda (mphunzitsi wa Sande sukulu): Ine ndiyankhule mosabisa. Anthu amene amakonda kunena kuti ana azikhala m'tchalitchi ambiri sanakhalepo ndi ana makumi asanu m'chipinda chimodzi. Mapemphero athu amayamba 9 koloko, kutha cha m'ma 1. Zolengeza zokha zimatenga nthawi yoti munthu n'kuphika nyemba. Kenako makwaya, aliyense nyimbo ziwiri, kenako zopereka za dera ndi dera, kenako kulandira alendo, mlaliki n'kumaimirira anthu atatopa kale. Mwana wa zaka zinayi amene wangomwa phala m'mawa mukufuna apirire zonsezo? Akayamba kulira amene atuluke naye ndi mayi ake. Bambo ali phee kutsogolo ndi jekete. Ndiye pamapeto pake amene wataya ulaliki ndi mzimayi.

Zulu wa ku Lusaka: Achemwali a Nabanda, ndakumvani, koma vuto mwatchulalo ndi la kutalika kwa pulogalamu, osati la ana. Nkhani imene abusa anuwo abweretsa, Mayi a Tadala, si yachilendo. Ku America kuli mipingo, makamaka ya Baptist ndi ina ya chiphunzitso cha Reformed, imene inasiyiratu kugawa anthu potengera zaka. Kulibe Sande sukulu ya ana okha, kulibe gulu la achinyamata lokumana palokha, banja lonse limakhala limodzi ndipo bambo ndiye amene ali ndi udindo wophunzitsa ana ake kunyumba tsiku ndi tsiku. Mmodzi mwa amene analalikira kwambiri zimenezi ndi Voddie Baucham, amene anali m'busa ku Texas kenako anasamukira kuno ku Lusaka mu 2015 kudzaphunzitsa pa African Christian University. N'chifukwa chake maganizo amenewa afika kuno kwathu, abusa achinyamata ambiri anamumvera pa YouTube. Mfundo yawo ndi yakuti m'Baibulo simupezamo msonkhano wa Mulungu umene ana anauzidwa kuti apite kuseri. Pa Deuteronomo 31:12 Mose akuti asonkhanitse amuna, akazi ndi ana aang'ono kudzamva chilamulo. Pa Yoweli 2:16 atchula ngakhale oyamwa. Ndipo Paulo polembera Aefeso, pa mutu 6 akuyankhula ndi ana mwachindunji kuti amvere akuwabala. Kalata imeneyo inkawerengedwa mu msonkhano, ndiye kuti anawo anali momwemo.

Nabanda (mphunzitsi wa Sande sukulu): Achimwene, werenganinso Nehemiya 8. Ezara atawerenga chilamulo anasonkhana ndi amuna, akazi ndi onse okhoza kumva n'kuzindikira. Ndipo Alevi anayenda kumatanthauzira kuti anthu amvetse. Ntchito ya Alevi ija ndi imene timagwira ife ku Sande sukulu.

Zulu wa ku Lusaka: Koma Aleviwo sanatenge ana kupita nawo kukalasi ya Standard 2 😄

Admin: Tiseke koma tisanyozane chonde. Pitirizani.

aPhiri a ku Dedza: Ndiikepo za mbiri pang'ono, chifukwa a Zulu akunena za ku America ngati nkhani yathu inayamba chimodzimodzi. Sande sukulu inatchuka ku England cha m'ma 1780, Robert Raikes wa ku Gloucester atayamba kusonkhanitsa ana amene ankagwira ntchito sabata yonse, n'kumawaphunzitsa kuwerenga pa Lamulungu. Sanali ana a akulu a mpingo ayi, anali ana oti makolo awo sakanawaphunzitsa. Kuno kwathu n'chimodzimodzi. Amishoni atafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, mpingo unakula kudzera m'sukulu za m'midzi. Nyumba yomweyo inali sukulu pakati pa sabata, Lamulungu n'kukhala yopemphereramo. Ambiri mwa Akhristu oyamba anali anyamata ndi atsikana a sukulu, makolo awo akadali kudambwe. Kukanakhala kuti lamulo linali lakuti mwana aphunzitsidwe ndi bambo ake basi, ambiri a ife bwenzi tilibe dzina m'kaundula wa mpingo. Lerolinso pitani mukawerenge ana a Sande sukulu, mufunse kuti ndi angati amene abwera ndi makolo. Mupeza ambiri atsatira anzawo, bambo ali kumsika kapena ku bawo.

Mayi a Tadala: Apa mwandikhudza bambo. Kalasi yanga ili ndi ana otere ambiri. Ena amabwera atabereka mng'ono wawo kumbuyo.

Nangozo wa ku Ntcheu: Ana anga, ine ndikulankhula, mdzukulu wanga ndiye akulemba. Mawu akuti banja lizikhala pa benchi imodzi andipweteka pang'ono. Ine ndikulera adzukulu, makolo awo anatisiya zaka zija matenda anavuta. M'dera lathu amasiye tilipo ambiri, ena amuna awo ali ku Joni zaka ndi zaka, ena ukwati unatha. Tsiku la mabanjalo, uyu ndi mwamuna wake ndi ana awo atavala nsalu yofanana, ife tikakhale pati? Nanga mtsikana wantchito amene wabwera ndi abwana ake, benchi yake ndi iti? Kale ife tinkakhala amayi mbali ino, abambo mbali iyo, ana kutsogolo pamphasa. Mkulu mmodzi ankakhala pafupi ndi anawo ali ndi kamtengo, sankamenya kwenikweni, ankangokagogoda pansi ndipo phokoso linkatha. Munganene kuti zinali zachikale, koma palibe amene ankaoneka kuti alibe mwamuna kapena alibe bambo. Mwana akalira, mayi aliyense wapafupi ankamulandira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Zakuti ana akhale nafe ndikuvomera ndi manja awiri. Za mabenchi a mabanja ndiye ayi.

Mayi a Chisomo (Leeds): Agogo mwanena zimene ndimalephera kuzifotokoza. Kuno ku England mipingo yambiri ya Anglican ndi Methodist ili ndi mapemphero a misinkhu yonse kamodzi pa mwezi. Amafupikitsa, ola limodzi latha, ulaliki umakhala wa mphindi zochepa ndi zinthu zooneka ndi maso, ana amawerenga mawu ndi kutsogolera mapemphero opembedzera. Kumbuyo kuli kapeti ndi mabuku a zithunzi, mwana akatopa amapita pamenepo koma akadali m'tchalitchi. Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti amene amakondwa kwambiri tsiku limenelo ndi nkhalamba zimene zimakhala zokha sabata yonse. Kuli gogo wina wachizungu amasungira mwana wanga masiwiti m'chikwama, amadziwa ngakhale tsiku la mayeso ake. Koma kunena zoona, akuluakulu ena amajomba dala tsikulo, akuti ulaliki wake ndi phala la ana.

Zulu wa ku Lusaka: Izo ndiye zimene mipingo ndimanena ija imakana. Iwo safewetsa ulaliki. Amati mwana atolapo zimene angathe, zotsalazo bambo akafotokoze pa chakudya chamasana.

Nabanda (mphunzitsi wa Sande sukulu): Bambo wake uti? Tiyeni tinene za abambo amene tili nawo, osati a pa YouTube. Tikaitanitsa msonkhano wa makolo a ana a Sande sukulu kumabwera amayi okhaokha, abambo awiri kapena atatu, mmodzi mwa iwo ndi mlonda wa pa tchalitchi.

Bambo a Pilirani: Haa achemwali mwatilasa 😂 Koma ndiyankhe monga Mkatolika. Kwathu Misa ndi imodzi kwa aliyense, khanda limalowa lili kumbuyo ndipo palibe amene amadabwa. Ana ali ndi Tilitonse yawo kumene amaphunzira katekisimu, m'maparishi ena a m'tauni muli Misa ya ana, koma mwana akalandira Ukaristia woyamba amafola mzere umodzi ndi agogo ake. Papa Pius X ndiye anatsitsa msinkhu umenewu mu 1910 kufika pa zaka ngati zisanu ndi ziwiri. Chimene ndaona n'chakuti mwana amakhazikika akakhala ndi chochita. Anyamata otumikira pa guwa, atsikana ovina poperekeza Buku Loyera ndi zopereka, amenewo sawodzera. Komanso Misa ili ndi mayankho obwerezabwereza, kuimirira, kugwada, ndiye mwana wa zaka zitatu amayamba kuyankha nawo asanadziwe tanthauzo. Malo enieni amene timasakanikirana ndi ku mphakati. Miphakati inalimbikitsidwa m'ma 1970, Ambuye Patrick Kalilombe ali episkopi wa Lilongwe, kuti Akhristu oyandikana nyumba azikumana pakhomo pa mmodzi wa iwo. Pamenepo palibe kothawira, mwana, wantchito, agogo, onse pa mkeka umodzi. Ngakhale kumenekonso, a Nabanda, abambo timachepa, ndivomere.

Mayi a Dorika: Ife a Seventh Day timachita zonse ziwiri ndipo sitinaonepo kuti zikulimbana. M'mawa Sabata sukulu, aliyense ku kalasi ya msinkhu wake, akulu omwe ali ndi makalasi awo. Ikakwana nthawi ya chipembedzo chachikulu tonse timalowa. Mlaliki asanayambe, ana amaitanidwa kutsogolo kudzamva nthano yawo ya mphindi zochepa, kenako amabwerera kwa makolo. Masana timadyera limodzi zimene tatenga. Ma Adventurer ndi ma Pathfinder, magulu athu a ana ndi achinyamata, ali ndi nthawi yawo. Ndiye ine funso lakuti Sande sukulu kapena kupemphera pamodzi sindikulimvetsa. Bwanji osasuntha nthawi basi, Sande sukulu izichitika mapemphero asanayambe?

Mayi a Tadala: Kwathu nthawi imeneyo ndi ya mapemphero a Chingerezi, ndipo aphunzitsi ambiri amapemphera kumeneko.

Yankho wa praise team: Ndilowepo ine wachinyamata, poti mukukamba za ife tili pompano. Makolo, ana aang'ono si amene akusowa m'tchalitchi. Amene tikusowa ndife a zaka 15 mpaka 30, ndipo Sande sukulu siinatichotse. Chinatigawa ndi mapemphero awiri aja. Ife timabwera 6 koloko kapena 7, Chingerezi, kiyibodi, ma projector, 9 koloko tatuluka. Pa geti timaphonyana ndi amayi a chigwirizano akulowa ndi yunifolomu zawo. Dzina la mpingo ndi limodzi, m'busa mmodzi, koma ndi mipingo iwiri. Ine ndinakula choncho. Chaka chatha kunali maliro a mnzathu wa mu kwaya, usiku amayi anayambitsa nyimbo za m'buku la Nyimbo za Mulungu, osatsegula buku, ndime zonse pamtima. Ife anyamata tinali panja pa moto, tikungong'ung'udza, mawu sitikuwadziwa. Mnzathu weniweni, koma amene anamuimbira ndi anthu oti sankamudziwa dzina. Zinandiwawa. Ndiye ine mbali ya abusa imene ndikuigwirizana nayo kwambiri ndi yophatikiza mapempheroyo, ngakhale pa tenti.

aPhiri a ku Dedza: Mwana wanga, wanena mawu aakulu. Koma ndikufunse, mukabwera ku mapemphero ophatikizawo, mudzalola kuti sipika itsike? Ife ena timatuluka mutu ukuwawa.

Yankho wa praise team: Titsitsa bambo, inunso mutilole tiimbe ziwiri zathu osatiyang'ana ngati taba nkhuku. Ndipo zolengeza zija zitumizidwe pa WhatsApp, onse muli ndi mafoni, umboni ndi uno.

Nangozo wa ku Ntcheu: Ine foni ndi ya mdzukulu. Zolengeza za maliro ndi odwala zisachoke m'tchalitchi.

Yankho wa praise team: Pepani agogo, zimenezo zikhale. Ndimanena mndandanda wa amene sanapereke ya chitukuko.

Mlangizi wa ku Kasungu: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndikufuna nditeteze kugawa pang'ono, chifukwa zikumveka ngati kugawa kulikonse ndi tchimo. Pali nkhani zimene mtsikana wotha msinkhu sangafunse bambo ake ali pompo, ndipo mwa chikhalidwe chathu ngakhale mayi ake enieni samuuza, amamutumiza kwa anthu ena. N'chifukwa chake mpingo unaika chilangizo m'malo mwa chinamwali cha kumudzi, kuti alangizi akhale pansi ndi atsikana paokha, anyamata paokha. Tito 2 akunenanso kuti amayi aakulu aphunzitse akazi aang'ono. Kumeneko ndi kugawa, koma onani kuti amene akuphunzitsa ndi wamkulu, wophunzira ndi wamng'ono. Misinkhu ikukumana ndithu. Chimene ine ndimadana nacho ndi gulu la achinyamata lotsogoleredwa ndi wachinyamata mnzawo, kulangizana okhaokha za chibwenzi, wamkulu osapondako. Maganizo a ku America akuti zonse achite bambo wa mwana sakugwirizana ndi ife. Kuno kwa Achewa mwana ali ndi amalume ake, ali ndi azakhali, ali ndi ankhoswe a ukwati wa makolo ake. Sitinayambe taganizapo kuti mwana ndi wa anthu awiri okha.

Zulu wa ku Lusaka: Amayi, pa chilangizo sinditsutsa. Ndipo agogo a Nangozo andiphunzitsa kanthu pa za mabenchi. Koma ndisasiye mfundo imodzi. Makolo ambiri tinapereka ana kwa aphunzitsi a Sande sukulu ngati mmene timaperekera chimanga ku chigayo, kungodikira ufa. Kunyumba kulibe pemphero, kulibe kufunsa kuti mwaphunzira chiyani. Pa ubatizo wa mwana amene amaimirira kutsogolo n'kulonjeza kuti amulera m'chikhristu ndi kholo, si a Nabanda. Mwana amene sanaonepo bambo ake akuimba kapena atagwada, mukuganiza kuti akafika Form 3 adzakhulupirira kuti za Mulungu ndi za amuna akuluakulu?

Nabanda (mphunzitsi wa Sande sukulu): Apo pokha tagwirizana achimwene. Ndiwonjezere chimene chimandipweteka ine. Aphunzitsi a Sande sukulu ena timatha miyezi osamva ulaliki, chifukwa nthawi ya ulaliki ndi imene tili ndi ana. Ndiye Lamulungu limodzi pa mwezi loti nanenso ndikhale pansi ndidyetsedwe, sindingalikane. Mantha anga ndi akuti anthu akadzaona kuti zatheka kamodzi, adzati ndalama ya mabuku a ana ndi ya chiyani. Chipinda chathu mpaka lero chilibe mawindo, pamene ofesi ya abusa yaikidwa matailosi.

aPhiri a ku Dedza: Pa kalembera wa 2018 tinapezeka anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Tikamati ana tikunena theka la mpingo. Koma onani bajeti ya mpingo uliwonse muone gawo la ana.

Mayi a Chisomo (Leeds): Chinanso choti muganizire ndi chilankhulo cha tsikulo. Ife kuno tikakumana a Malawi timapemphera m'Chichewa, ana athu amangoti maso tuzu, kenako amatulutsa mafoni. Ana a m'tauni kumudziko amene amaphunzira sukulu za pulaiveti ayambanso kufanana ndi athuwa. Mukasankha Chingerezi agogo atsala, mukasankha Chichewa chozama cha Buku Lopatulika ana atsala. Kumasulira chiganizo ndi chiganizo kumatalikitsanso ulaliki kawiri.

aPhiri a ku Dedza: Buku Lopatulika ndi la 1922, mawu ena ngakhale ife timafunsana. Koma kuli Buku Loyera la 1998, Chichewa chake n'chapafupi. Tsiku limenelo awerenge limenelo, ulaliki m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku. Mwana wa ku Malawi amene samva Chichewa cha kumsika ndiye vuto lili kunyumba kwawo.

Yankho wa praise team: Bola mlaliki asakhale wa maola awiri. Utiko uja wa pa Machitidwe 20 anagwa pa windo chifukwa Paulo anatalikitsa, ndipo kwathu kulibe amene angamudzutse 😂

Bambo a Pilirani: Koma onani kuti mnyamatayo anali mu msonkhano wa akulu mpaka pakati pa usiku. A Zulu alemba kale vesi imeneyo m'kope mwawo.

Zulu wa ku Lusaka: Ndalemba kale bambo.

Mlangizi wa ku Kasungu: Mayi a Tadala, chimodzi musaiwale kukanena. Akulu a mpingo ndi madikoni auzidwe kuti mwana akalira asamathamangire kukanong'oneza mayi kuti atuluke. Ndinaonapo mtsikana wina wobereka koyamba akutulutsidwa choncho, anthu onse kumutembenukira. Anakhala pa mwala panja mpaka kutha kwa mapemphero, ndipo sabata zotsatira sanabwerenso. Ngati tikuitana ana, tiitanenso phokoso lawo. Ambuye anati "Lolani tiana tidze kwa Ine, musatiletse", ndipo amene ankaletsawo anali ophunzira ake enieni, anthu a dongosolo.

aPhiri a ku Dedza: Monga mkulu wa mpingo ndalandira chidzudzulo. Koma pakhale malire amayi. Kulira kwa khanda ndi kwina, mwana wa Standard 5 kuthamanga pakati pa mipando ndi paketi ya kamba pafupi ndi gome la mgonero ndi kwina.

Mayi a Tadala: Zikomo nonse, kope langa ladzadza. Ku sesoni ndikanena kuti komiti ya ana ikuvomera Lamulungu limodzi pa mwezi, koma Sande sukulu ikhalebe masabata enawo ndipo ndalama yake isakhudzidwe. Za mabenchi a mabanja ndikapempha kuti zichotsedwe, aliyense akhale pamene wafuna, ndipo ana obwera okha tiwagawe kwa amayi ndi abambo amene angadzipereke kukhala nawo. Tsikulo makwaya akhale atatu okha, imodzi ya ana. Ana a kalasi yaikulu awerenge mawu ndi kutolera zopereka limodzi ndi madikoni. Chimene ndikuopa ndi makwaya, chifukwa kuuza kwaya kuti lero simuimba ndi nkhondo yoposa iyi.

Yankho wa praise team: Aphatikizeni mayi. Chigwirizano, ife ndi ana, nyimbo imodzi ya m'buku, tiphunzire Loweruka. Ine kiyibodi ndibweretsa.

Nangozo wa ku Ntcheu: Ubwere nayo koma usathamangitse nyimbo. Nyimbo za m'buku sizithamanga.

aPhiri a ku Dedza: Mayi a Tadala, mukafunsenso kuti Lamulungu loyambalo likagwera pa mgonero zidzatani, chifukwa ana ndi a kalasi ya ubatizo salandira, ndipo kuwakhazika ola lathunthu akuonerera mbale ikuwadutsa ndi nkhani ina imene sitinaikambe. Komanso tenti ija alipira ndani, chitukuko kapena thumba la ana?

Nabanda (mphunzitsi wa Sande sukulu): Ikangokhudza thumba la ana ndiye mundiitane ku sesoniko.